Nyumba Yobereka Kumsana

M'midzi ya m'tsinde mwa phiri la Mulanje, kummwera kwa dziko la Malawi, tenti si chinthu chimene munthu amati akachiona n'kusekerera. Ikazikidwa pakhomo pa munthu, odutsa m'njira amatsitsa mawu ndipo apanjinga amatsika n'kuyamba kukankha, chifukwa nthawi zambiri pamakhala kuti pagwa zovuta. Ikazikidwa pabwalo la sukulu kapena la tchalitchi, ndiye kuti kwinakwake nyumba zagwa. Akuluakulu a ku Phalombe sanaiwale napolo wa m'mwezi wa Malichi 1991, ndipo ngakhale ana akudziwa za namondwe wa Freddy amene mu Malichi 2023 anapha anthu oposa 1,000 m'dzikoli ndi kusiya ena oposa theka la miliyoni alibe pogona. N'chifukwa chake anthu a kumeneku amadabwa akamaona alendo akukwera phiri atabereka zikwama zikuluzikulu, n'kumva kuti akukagona m'tenti mwa kufuna kwawo, atalipiranso ndalama. Munthu wa nyumba yake ya malata n'kusiya bedi kukagona pansi kutchire? Ambiri amangoti ndalama zikachuluka zimasowetsa chochita.

Mayi wina wa zaka 41, mlangizi wa zachitukuko m'dera lina la ku Phalombe, anali mmodzi mwa oganiza choncho, ndipo anali ndi chifukwa chake. Namondwe uja anagwetsa khoma la nyumba yake. Iye ndi ana ake atatu anagona m'kalasi kwa milungu ingapo, ndipo sukulu zitatsegulidwa anasamutsidwira kukampu, m'tenti yaikulu yomwe ankagawana ndi mabanja ena. Zimene ankakumbukira za tenti ndi kutentha kwa masana, kudontha kwa m'bandakucha, fungo la zovala zosauma ndi chifuwa cha ana usiku wonse. Atabwerera m'nyumba yake analumbira mumtima kuti sadzagonanso pansi pa nsalu.

Koma ntchito sifunsa zimene munthu analumbira. Magulu amene mayiyu ankawalangiza anali ndi nazale za mkungudza wa ku Mulanje, mtengo umene mwachilengedwe umamera paphiri lokhali padziko lonse, ndipo unadulidwa mpaka kutsala pang'ono kutheratu: kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Mbande zimaleredwa kumudzi, koma zimakabzalidwa pamwamba pa phiri, ndipo dzinja likatha pamafunika kukaziyendera, kuwerenga zimene zapulumuka ndi kulambula njira zotchinga moto. Mu Juni 2024 kunakonzedwa ulendo wa masiku anayi: kukwera kudzera ku Fort Lister, kugona ku Sombani, ku Chinzama ndi ku Thuchila, kenaka kutsika. M'malo amenewa muli nyumba zogona alendo, koma ndi zazing'ono, ndipo Juni ndi nyengo imene alendo amachuluka. Gulu la anthu 12 linayenera kugona m'matenti obwereka, pambali pa nyumbazo. Mwa anthuwa, asanu anali amayi, ndipo amuna awo ananeneratu poyera kuti alangizi akapanda kupita, akazi awonso sapita. Ntchitoyo inali yolipidwa. Mayiyu akanakana, ndalama zonse zikanagwera m'matumba a abambo okhaokha, chonsecho othirira mbande m'mawa ndi madzulo kwa chaka chathunthu anali amayiwo.

Chinthu choyamba chimene anachita chinali chanzeru, ngakhale chinamusandutsa choseketsa cha mudzi wonse kwa masiku angapo. Kutatsala mlungu umodzi anatenga tenti yake n'kuizika pabwalo la nyumba yake dzuwa likuswa mtengo. Sipanapite nthawi, mayi woyandikana naye anatulukira atamanga chitenje m'chiuno, nkhope ili yakugwa.

"Alangizi, kwagwanji kuno? Bwanji osatiuza?"

"Kulibe chovuta, achemwali. Ndikuphunzira kumanga nyumba yanga ya kuphiri."

"Nyumba? Kameneka? Nanga mvula ikabwera muthawira kuti?"

Tsiku loyamba anatha ola lathunthu akulimbana ndi timitengo topindika tija, osadziwa kuti aka kalowa pati. Pofika tsiku lachinayi ankaizika m'mphindi 10, ndipo madzulo ake anaiphwasula n'kuizikanso mumdima, tochi ili kukamwa. Ambiri amadumpha zimenezi, n'kukaona polekera kuphiri. Munthu amafika pamalo ogona atatopa, dzuwa litapendeka, mwina kukuwaza, zala zitauma ndi chisanu. Imeneyo si nthawi yoti aziyamba kufunsa kuti khomo lili mbali iti. Pabwalo pomwepo anazindikiranso kuti zikhomo ziwiri zikusowa ndi kuti zipi ya pakhomo ikuuma. Anasema zikhomo za nsungwi, zipi anaipaka phula la kandulo, ndipo usiku umodzi anagonamo pamodzi ndi mwana wake wamng'ono amene ankaona ngati ndi masanje.

Kenaka panabwera nkhani ya katundu. Odziwa za maulendo a m'mapiri amalangiza kuti chikwama chisapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa mwini wake. Mayiyu ankalemera makilogalamu 60, ndiye kuti malire ake anali makilogalamu 12. Atalongedza zonse zimene ankaziona kuti n'zofunika, anakapachika chikwamacho pasikelo ya wogula nandolo kumsika, ndipo chinakwana makilogalamu 19. Poti sikelo za ogula mbewu sizidziwika ndi kuwonjezera, n'kutheka kuti chinali cholemera kuposa pamenepo. Bulangete lalikulu la pabedi linatsala, mphika wachiwiri unatsala, zitenje zisanu zinatsika kufika pa ziwiri. Tenti ya anthu awiri imalemera makilogalamu awiri kapena atatu, ndipo anagawana ndi mnzake wogona naye: wina nsalu, wina timitengo ndi zikhomo. Zovala ndi thumba logonamo anazikulunga m'pulasitiki ya m'kati mwa thumba la feteleza, ataitsuka bwinobwino, chifukwa chikwama chilichonse chimalowa madzi mvula ikalimbikira.

Amayi enawo ankafuna kusenza zikwama pamutu monga achitira ndi mtolo wa nkhuni, ndipo kunena zoona, pamalo athyathyathya palibe angawapose. Koma njira ya ku Sombani ili ndi malo ofuna manja onse awiri ndi maso pansi. Chimene chinawagonjetsa ndi lamba wa m'chiuno. Akamangidwa bwino, katundu amakhazikika pachiuno m'malo mokoka mapewa, monga amakhalira mwana woberekedwa bwino kumbuyo. Mmodzi wa iwo anaseka nati, "Ndiye bwanji osangonena kuti tibereke?" Zolemera zimayandikira msana, zopepuka zimakhala kunja, mayi aliyense amene anayendapo ndi mwana wogona tulo, mutu ukulendewera chagada, amadziwa chifukwa chake.

Anafika ku Sombani dzuwa litatsala pang'ono kulowa. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 aliwonse amene munthu wakwera, ndipo zidikha za pamwamba pa Mulanje zili pa mamita pafupifupi 2,000, pamene midzi ya m'munsi ili pa mamita 700 kapena kuposerapo pang'ono. Choncho usiku wa Juni umene kumudzi umangofuna juzi, kumtunda kuja umatha kusiya udzu utayera ndi chisanu. Mayiyu anayang'ana uku ndi uku n'kusankha malo amene munthu aliyense wotopa akanasankha: kadambo kosalala, ka udzu wofewa, pafupi ndi kamtsinje. Anali atakhoma kale zikhomo ziwiri pamene mlonda wa nyumba ya alendo, bambo wachikulire wa chipewa chaubweya, anatsetsereka n'kuima chapatali.

"Amayi, pepani, ndikulowerereni pang'ono. Kodi kumudzi muli ndi dimba?"

"Lilipo, abambo."

"Nanga chisanu chikagwa, tomato woyamba kupsa ndi wa kuti, wa kumtunda kapena wa kudambo?"

"Wa kudambo."

"Ndiye inuyo mwasankha kukhala tomato wa kudambo. Kwezani katundu wanuyu pakachitunda apo."

Mkuluyo ankanena zimene mlimi aliyense amazidziwa koma sazilumikiza ndi pogona. Kukakhala kopanda mitambo, nthaka imataya kutentha msanga dzuwa likalowa, ndipo mpweya wozizira, poti ndi wolemera, umatsetsereka ngati madzi n'kukadikha m'malo otsika. Kukwera mamita ochepa chabe kumasintha usiku wonse. Pafupi ndi mtsinje pamachulukanso mame, ndipo mvula ikagwa kumtunda, madzi saiwala khwawa. Pachitundapo anamuonetsa zina: kuti ayambe wagona pansi asanazike tenti n'kumva ngati pali mwala kapena kutsetsereka, kuti aone ngati palibe mzere wa linthumbu, kuti mutu ukhale kumtunda, ndi kuti khomo lifulatire kummwera chakum'mawa, kumene kumachokera mwera ndi chiperoni, nkhungu ya mawawa ija imene inatenga dzina ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Pomwe dothi linali losaya, zikhomo zikugunda thanthwe, anamangirira zingwe ku miyala ikuluikulu.

Atatha izi mkuluyo anafunsa kuti agonera chiyani. Anamuonetsa thumba logonamo, lokhuthala bwino, ndi kamatiresi ka siponji kopyapyala ngati chala, kamene mayiyu anatsala pang'ono kukasiya kunyumba poona ngati n'kopanda ntchito. Mlondayo anagwira kamatiresiko nati aka ndiye mwini nkhani. Iye ali mnyamata ankagona m'msasa kumunda chaka ndi chaka, kulonda chimanga kwa nguluwe ndi anyani, ndipo anaphunzira kuti kuzizira kwenikweni kumachokera pansi. Chofunda chimatenthetsa chifukwa cha mpweya umene watsekeredwa m'kati mwake. Munthu akachigonera amachipsinja, mpweyawo umathawa, ndipo chotsala pakati pa nthiti ndi nthaka ndi kansalu chabe. Nthaka imayamwa kutentha kwa thupi usiku wonse osakhuta. N'chifukwa chake wogona m'msasa amayamba wayala udzu wouma wokhuthala, pamwamba pake mphasa, asanaganize za chofunda. Munthu amene wazizidwa m'tenti nthawi zambiri amathamangira kuwonjezera zovala pamwamba, pamene mankhwala ake ali pansi: kamatiresi, chikwama chopanda kanthu kumiyendo, chitenje chopinda pachiuno. Phirili ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira mu 1927 ndipo si malo omweta udzu mwachisawawa, ndiye siponji ija ndi imene imalowa m'malo mwa udzu wa m'msasa.

Ngakhale zinali choncho, usiku woyamba sanagone kwenikweni. Thupi linali lofunda. Ovuta anali makutu. M'nyumba ya njerwa munthu amamva zochepa, koma m'tenti amamva zonse osaona kanthu, ndipo mutu umadzaza wokha zimene maso akusowa. Panali china chake chimene chinkakwekwesa nsalu chakumutu kwake, kuleka, n'kuyambanso. Panali kamtswatswa m'udzu. Chapatali, kumatanthwe, kunamveka kulira kwakuthwa kumene sanakumvepo chibadwire. Ndipo munthu wokulira m'tsinde mwa Mulanje sakwera phirili m'mutu muli mbee. Anamva kuyambira ali mwana za mizimu ya makolo imene imakhala kumeneko, za chakudya chimene woyenda amachipeza chitakonzedwa panjira n'kuyenera kudya yekha osaitana mnzake, za anthu amene anapita ku Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002, osabwerako. Zikhulupiriro zimenezi si zachibwana. Ndi mbali ya zifukwa zimene bungwe la UNESCO linaikira phirili m'kaundula wa malo a chikhalidwe ofunika padziko lonse mu 2025. Koma pakati pa usiku, munthu ali gone chagada pansi pa kansalu, sizibweretsa tulo.

Kusagona usiku woyamba pamalo achilendo si kufooka kwa munthu mmodzi. Mu 2016 akatswiri a pa yunivesite ya Brown ku America anaonetsa kuti munthu akagona malo achilendo koyamba, mbali yakumanzere ya ubongo sigona mokwanira ngati inzake. Imakhala tcheru ndipo imadzidzimuka msanga ndi phokoso losazolowereka. Usiku wachiwiri kusiyanako kunkatha. Ndiye kuti thupi limadzilembera mlonda wake. Wodziwa izi sadzizunza ndi maganizo akuti mawa ayenda bwanji asanagone. Amangokhala phee, maso ali chitsinzinire, podziwa kuti kupuma kotero nakonso kumathandiza ndipo tulo tobwezera tikubwera.

M'mawa mayiyu anachita chinthu chimene chinamuthandiza kuposa malangizo onse: anazungulira tenti kufunafuna mwini wa phokoso lililonse. Chokwekwesa chija inali nsalu yakunja imene inkakhudza yam'kati mphepo ikawomba. Nayiloni imakhwepa ikanyowa ndi mame, choncho zingwe zimafuna kukungidwanso munthu asanalowe kukagona. Kamtswatswa kaja inali mbewa, ndipo umboni wake unali kabowo pa kajumbo ka mtedza kamene mnzake anakasiya pakhomo. Kulira kwa kumatanthwe, mlonda anati ndi mbira. Kuyambira tsiku limenelo chakudya chonse chinkagona m'nyumba ya alendo, chopachika, ndipo masana ankachibisa kwa akhwangwala a khosi loyera omwe amadziwa kutsegula thumba kuposa mwana.

Panali chinthu chinanso m'mawa umenewo chimene chinamubwezera maganizo kukampu: denga la tenti linali lonyowa m'kati, madontho ali lendelende, chonsecho mvula sinagwe. Mnzake anayamba kudandaula kuti awabwereka tenti yodontha. Sinali yodontha. Munthu mmodzi amatulutsa madzi okwana kapu kapena kuposerapo usiku umodzi kudzera m'mpweya wopuma ndi pakhungu, ndipo nthunzi imeneyi ikagunda nsalu yozizira imasanduka madzi, monga zichitira pa chivundikiro cha mphika. Poopa kuzizira, awiriwo anali atatseka timawindo tonse ta pamwamba. Apa ndi pamene nzeru ya m'msasa imathera. Msasa wa udzu umapuma wokha; utsi ndi nthunzi zimatuluka m'denga popanda wozitsegulira. Tenti sipuma pokhapokha mwini wake ataipatsa popumira. N'chifukwa chake ili ndi nsalu ziwiri: yam'kati yopyapyala imene imalola nthunzi kudutsa, ndi yakunja yosalowa madzi imene nthunziyo imakagwirapo n'kutsetserekera pansi, bola ziwirizo zisakhudzane. Kutsegula timawindo usiku wozizira kumaoneka ngati misala, koma munthu wouma m'mpweya wozizirirapo amagona bwino kuposa wonyowa m'tenti yotseka.

Kusiyana kumeneku kwa msasa ndi tenti kuli ndi mbali ina imene imapha. Usiku wachiwiri, ku Chinzama, mnyamata wina wa m'gululo anapala makala amoto m'chitini n'kulowa nawo m'tenti yake, n'kutseka zipi. Kwa iye sizinali zachilendo: kwawo mbaula imalowa m'nyumba mwezi wa Juni, ndipo m'msasa moto umayaka mpaka kucha. Wolondolera njira anaona kuwala kofiira kudzera m'nsalu, ndipo sanachite odi. Anatsegula zipi, anatulutsa chitinicho n'kuchithira madzi.

"Achimwene, mukufuna tikutsitseni pamachira? Moto sugona m'tenti!"

"Komatu makalawa alibe utsi, achimwene."

"Wopanda utsiyo ndiye wakupha."

Makala akamanyeka pamalo opanda mpweya wokwanira amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide. Suoneka, sununkha, sutsokomoletsa. Ukalowa m'magazi umalanda malo a mpweya wabwino, ndipo umakangamira pamenepo mwamphamvu kuposa mpweya wabwinowo maulendo oposa 200. Wamaso amayamba kumva mutu, chizungulire ndi nseru. Wogona samva chilichonse, amangopitirira. Wopezeka ndi zizindikiro zimenezi ayenera kutulutsidwa panja nthawi yomweyo ndi kupita naye kuchipatala. Kandulo nayo ndi mdani, chifukwa nayiloni ikagwira moto imasungunuka m'kanthawi kochepa n'kumatirira pakhungu. Mayiyu anakhala chete nthawi yaitali usiku umenewo, akukumbukira mbaula zimene zinkalowa m'matenti a kukampu mvula ikamagwa, ana ali gone m'mbali, ndi mutu umene ambiri ankadandaula nawo m'mawa n'kumati ndi malungo. Pa zonse zimene anatsika nazo kuphiri, iyi ndi imene amaibwereza pa msonkhano uliwonse wa komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi.

Kutentha kwa m'tenti kumachokera m'thupi la munthu, ndipo thupi limafuna nkhuni zake. Anaphunzira kudya nsima yotentha mokwanira madzulo, n'kusunga mtedza wodzaza dzanja m'kachitini kotseka woti atafune akadzuka pakati pa usiku. Anaphunzira kuvula zonse zimene wayenda nazo masana, ngakhale zikuoneka zouma, chifukwa nsalu ya thonje imasunga thukuta. Zovala zogonera, masokosi ndi chipewa zinkakhala m'pulasitiki yawoyawo ndipo sizinkatuluka masana zivute zitani. Botolo lolimba la madzi otentha, lotseka bwino, lokulunga m'sokosi n'kuliika pakati pa ntchafu, linkagwira ntchito imene mnyamata uja ankaifuna kwa makala. Mphuno ndi pakamwa zimakhala kunja kwa thumba logonamo, chifukwa kupumira m'kati kumalinyowetsa.

Pali nkhani ina imene amuna olondolera njira saitchula, koma imasowetsa tulo amayi ambiri: kutuluka usiku. Ena amaleka kumwa madzi kuyambira masana kuti asadzuke, zomwe zimangobweretsa mutu ndi kutopa mawa lake. Amayiwa anapangana kuti wofuna kutuluka adzutse mnzake popanda manyazi, ndi kuti tochi ndi nsapato zizikhala malo amodzimodzi usiku uliwonse, nsapatozo azizikutumula asanavale. Pa nyumba za alendo pali zimbudzi. Masana, akakhala kutali nazo, lamulo linali kukumba kadzenje kakuya masentimita 15 mpaka 20, pamtunda wosachepera mamita 60 kuchokera kumadzi, n'kukwirira. Mayiyu sanafune wina womufotokozera chifukwa chake. Mitsinje ya Phalombe, Thuchila, Likhubula ndi Ruo imayambira pamwamba pomwepa, mipopi ya midzi yambiri imatunga m'mitsinje ya m'phirili, ndipo kolera wa mu 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'Malawi.

Usiku wachitatu, ku Thuchila, chiperoni chinafika. Nkhungu inakuta paliponse, nyumba ya alendo yomwe inali pamphuno inazimiririka, ndipo mawawa anayamba kugwa pansalu ngati munthu akuwaza mchenga. Mayiyu anatuluka, anakunga zingwe, anapinda m'mphepete mwa pulasitiki yoyala pansi kuti isatulukire kunja n'kumatunga madzi a padenga, analowa n'kugona. Anadzuka kutayera, mnzake akumugwedeza kuti tiyi wapsa. Sizikutanthauza kuti tenti inasanduka bedi. Chiuno chinkawawabe, pilo inali jumbo ya zovala, ndipo kuvala munthu atakhala pansi, mutu ukugunda denga, n'kosautsa ngakhale kwa amene anazolowera. Kungoti zosautsazo tsopano zinali zodziwika, chilichonse ndi msinkhu wake.

Atafika kunyumba ntchito yoyamba inali kuyanika tenti mpaka kuuma gwa. Tenti yosungidwa yonyowa imachita chuku m'masiku ochepa, ngati chimanga cholowa m'nkhokwe chisanaume, ndipo fungo lake silichoka. Amayi asanu aja analandira ndalama zawo m'manja.

Mkungudza umabzalidwa mvula ikugwa, choncho mu Januwale 2025 gululo linakweranso, mbande zili m'madengu. Anayamba amvetsera zanyengo pawailesi masiku atatu otsatizana, ndipo anagwirizana kuti mtsinje ukadzaza palibe wowoloka, adikire ngakhale tsiku lathunthu. Malo ozika tenti mayiyu anawasankha yekha kukuwala: pachitunda, kutali ndi khwawa, kutalinso ndi tsinde la phompho ndi zipsera zimene namondwe uja anasiya m'mbali mwa phiri. Mvula inayamba cha m'ma 10 koloko usiku. Pansalu yokungika imamveka yaikulu kuposa mmene ilili, ndipo izi ankazidziwa, koma kudziwako sikunaletse mtima kugunda monga unagundira usiku umene khoma lake linagwa. Anavala nsapato ndi jekete n'kukhala tsonga, tochi ili m'manja. Kawiri anatuluka kukaunika kamtsinje; kanali katakwera, koma kali kutali ndipo madzi ake asanasanduke matope. Pobwera kachiwiri anapeza mnzake ali maso.

"Alangizi, simunagone?"

"Ndikudikira ichepeko, achemwali. Gonani inu, pakakhala kanthu ndikudzutsani."

Inachepa cha m'ma 2 koloko. Anavula nsapato, anaziika pamalo pake pafupi ndi khomo, anatsegula kawindo ka pamwamba kamene mphepo inakatseka, n'kulowa m'thumba. M'mawa dothi linali lofewa, ndipo anayamba kubzala dzuwa lisanatuluke m'mitambo.